Ondansetron: mankhwala amene amatseka njira ya masanzi a kemo

Mankhwala a khansa otchedwa cisplatin atavomerezedwa ku America m'chaka cha 1978, madokotala anapeza chida champhamvu kwambiri cholimbanira ndi khansa ya machende, ya chikhodzodzo ndi ya thumba la mazira, koma chidacho chinabwera ndi vuto limene odwala ambiri ankaliopa kuposa matenda enieniwo. Pakangopita ola limodzi kapena awiri chilandirireni diripi, munthu ankayamba kusanza, ndipo ankatha kusanza koposa kakhumi pa tsiku loyamba lokhalo, mpaka m'mimba kuuma n'kumangodzikoka popanda chotuluka. Ena ankakana kubwereranso kuchipatala kukamaliza mankhwala amene akanawachiritsa. Pa kafukufuku amene anachitika ku Australia n'kusindikizidwa mu 1983, odwala atafunsidwa kuti atchule chimene chimawasautsa kwambiri pa chemotherapy, imene odwala ndi anamwino amangoitcha kuti kemo, anaika kusanza pamwamba penipeni, nseru pachiwiri, ndipo kuthothoka kwa tsitsi kunabwera pambuyo pa ziwirizi.

Mankhwala amene anasintha zinthu pa nkhaniyi ndi ondansetron. Anapangidwa ndi kampani ya Glaxo ku England chapakati pa zaka za m'ma 1980, anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zipatala mu 1990, ndipo bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linawavomereza mu 1991 pansi pa dzina la malonda lakuti Zofran. Lero amapangidwa ndi makampani ambiri pamtengo wotsika, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe la WHO. Koma kuti timvetse chifukwa chake amaperekedwa munthu asanayambe kumva nseru, ndiponso chifukwa chake paokha sakwanira, tiyenera kuyamba ndi funso lakuti kemo amasanzitsa bwanji.

Anthu ambiri amaganiza kuti mankhwala a khansa amasanzitsa chifukwa choti amawawa kapena amapweteka m'chifu, koma ambiri mwa mankhwalawa salowera pakamwa n'komwe, amalowera mu mtsempha wa pamkono. Chimene chimachitika n'chakuti magazi amawatengera thupi lonse, kuphatikizapo khungu lam'kati la matumbo aang'ono. M'khungu limeneli muli maselo apadera otchedwa enterochromaffin, amene amasunga serotonin, chinthu chimene thupi limapanga chonyamula uthenga pakati pa maselo. Dzina la serotonin limatchuka kwambiri pa nkhani za ubongo ndi za matenda a maganizo, komabe serotonin wochuluka kwambiri m'thupi la munthu, pafupifupi magawo 9 mwa 10, amapezeka m'matumbo. Kemo akavulaza maselo aja, amakhuthula serotonin wambiri nthawi imodzi. Serotoninyo amakakhala pa timalo tolandirira uthenga totchedwa 5-HT3, timene tili pansonga za mtsempha waukulu wa uthenga wotchedwa vagus, ndipo mtsemphawu umathamangitsa uthenga kupita kutsinde kwa ubongo, chakunkhongo kumene ubongo umalumikizana ndi msana. Kumeneko n'kumene kumachokera lamulo lakuti malovu achuluke, minofu ya pamimba ifinyike, ndipo zam'chifu zibwerere kumtunda.

Kutsinde kwa ubongo komweko kuli kachigawo kakang'ono kotchedwa area postrema, kamene kali ndi ntchito yosiyana ndi mbali zina za ubongo. Pafupifupi ubongo wonse ndi wotchingidwa kuti zinthu zambiri zoyenda m'magazi zisaufike, koma kachigawo aka kanasiyidwa poyera kuti kazilawa magazi ndi kuzindikira ngati muli chiphe. Nakonso kali ndi timalo ta 5-HT3. Choncho thupi silikulakwitsa likamasanza pa nthawi ya kemo: lazindikira kuti mwalowa chinthu chowononga maselo, ndipo likuchita zomwe likanachita munthu atadya bowa wakupha. Vuto n'lakuti chiphecho sichili m'chifu, ndipo kusanza sikungachichotse. Kumangomutha munthu madzi ndi mphamvu.

Ondansetron amagwira ntchito polanda malo a serotonin. Tikayerekeza kamalo ka 5-HT3 ndi loko, serotonin ndiye kiyi amene amatsegula, pamene ondansetron ndi kiyi amene amalowa bwinobwino m'lokomo koma satembenuka, ndipo akakhalamo, kiyi weniweni uja amasowa polowera. Matumbo amakhuthulabe serotonin monga mwa nthawi zonse, koma uthenga wake sufika kuubongo. Apa m'pamene pagona mfundo yaikulu ya mankhwalawa: ayenera kufika pa lokopo serotonin asanafike. N'chifukwa chake namwino amapereka piritsi pafupifupi mphindi 30 diripi ya kemo isanayambe, kapena amabaya mankhwalawo pang'onopang'ono mu kachubu ka pamkono asanapachike thumba la mankhwala a khansa. Wodwala amene akuti, "Ine sindikumva nseru, ndimwa ikayamba," akuganiza monga momwe timaganizira za panado, koma mankhwala awa ndi oteteza, ndipo mphamvu yawo imachepa kwambiri akapatsidwa kusanza kutayamba kale.

Njira imene asayansi anatulukira zimenezi ndi yochititsa chidwi, chifukwa inayambira pa mankhwala akale amene amapezekabe m'zipatala zathu, metoclopramide. Mu 1981 Richard Gralla ndi anzake a ku chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York anasonyeza kuti metoclopramide akaperekedwa wochuluka kwambiri kuposa mlingo wa masiku onse, amachepetsa kusanza kwa cisplatin. Pa nthawiyo ankadziwika monga mankhwala otsekereza dopamine, chinthu china chonyamula uthenga muubongo, ndipo kutsekereza dopamine kumeneku n'kumene kunkabweretsa mavuto ake: khosi kupindika, nsagwada kuuma, maso kutembenukira m'mwamba, miyendo kusakhazikika, makamaka mwa ana ndi achinyamata. Ofufuza anayamba kukayikira kuti mwina chimene chikuletsa kusanzako si dopamine ayi, koma kuti pa mlingo waukuluwo mankhwalawa akutsekanso timalo ta serotonin. Poyesa ganizoli sakanagwiritsa ntchito makoswe monga amachitira pa kafukufuku wambiri, popeza khoswe sasanza. Anagwiritsa ntchito kanyama kotchedwa ferret, kachibale ka kanyimbi. Mu 1986 Wesley Miner ndi Gareth Sanger a kampani ya Beecham anasonyeza kuti kutseka 5-HT3 kokha kumaletsa kanyamaka kusanza kakapatsidwa cisplatin. Ondansetron ndi anzake, monga granisetron amene anatsatira posakhalitsa, ndi zipatso za ganizo limenelo: anatenga mbali yothandiza ya metoclopramide n'kusiya mbali yoipa ya dopamine.

Si mankhwala onse a khansa amene amasanzitsa mofanana, ndipo madokotala amawagawa m'magulu anayi poyang'ana kuchuluka kwa odwala amene angasanze ngati sanapatsidwe chowateteza. Gulu lapamwamba, limene limasanzitsa odwala oposa 90 mwa 100 alionse, muli cisplatin, dacarbazine, komanso doxorubicin akaphatikizidwa ndi cyclophosphamide monga amachitira pa khansa ya m'mawere. Gulu lachiwiri, la pakati pa 30 ndi 90 mwa 100, muli mankhwala monga oxaliplatin ndi irinotecan. Paclitaxel, gemcitabine ndi fluorouracil ali m'gulu lotsika, la pakati pa 10 ndi 30, pamene vincristine ndi bleomycin sasanzitsa kwenikweni. Kusiyana kumeneku kumaonekera ngakhale m'wodi imodzi ya ku Malawi. Mayi amene akulandira cisplatin chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ndi khansa yofala kwambiri mwa amayi m'dziko muno, amafunika chitetezo chokwanira chisanachitike china chilichonse, pamene mnzake wa bedi loyandikana amene akulandira bleomycin ndi vincristine chifukwa cha khansa ya Kaposi mwina sangafunike ondansetron n'komwe. Achibale akaona wina akupatsidwa mapiritsi ambiri wina ochepa asafulumire kuganiza kuti pali kukondera.

Anthunso amasiyana. Amayi amasanza kwambiri kuposa abambo, achinyamata kuposa okalamba, ndipo mayi amene ankavutika ndi nseru ali woyembekezera, kapena munthu amene amasanza akakwera basi, amakhala pachiopsezo chachikulu. Chodabwitsa n'chakuti anthu amene akhala akumwa mowa wambiri kwa zaka zambiri amasanza pang'ono pa kemo, ngakhale kuti palibe dokotala amene angalangize munthu kuyamba mowa pachifukwa chimenechi. Dokotala akamafunsa mafunso otere asanayambe mankhwala, akufuna kudziwa kuti ateteze motani.

Tsopano tifike pamene mphamvu ya ondansetron imathera. Kusanza kwa kemo kuli ndi nthawi ziwiri zosiyana. Kwa maola 24 oyambirira ndi kumene serotonin amalamulira, ndipo pamenepa ondansetron amachita bwino kwambiri. Koma pali kusanza kwina kochedwa, kumene kumayamba tsiku loyamba likatha ndipo kumatha kupitirira mpaka masiku asanu. Pa cisplatin kumakula kwambiri pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Kusanza kochedwaku kumayendetsedwa makamaka ndi chinthu china chotchedwa substance P, chimene chimagwira ntchito muubongo pa timalo tina totchedwa NK1, ndipo ondansetron alibe mphamvu pa timalo timeneti. Kuipa kwake n'kwakuti nthawi imeneyi wodwala amakhala atachoka kale m'chipatala. Anatuluka ali bwinobwino, anadya nsima madzulo, banja lonse linapuma, ndiye mawa lake kapena mkuja akuyamba kusanza ali kumudzi kumene kulibe namwino. Ambiri amaganiza kuti matenda akula kapena kuti adya choipa, osadziwa kuti ndi gawo lachiwiri la kemo yemwe uja.

Pachifukwa chimenechi ondansetron nthawi zambiri sayenda yekha. Mnzake wakale ndi dexamethasone, mankhwala otsika mtengo a gulu la steroid, amene amawonjezera mphamvu yake pa tsiku loyamba ndi kuthandiza pa masiku otsatira. Amatha kusowetsa tulo ndi kukweza shuga m'magazi, choncho wodwala matenda a shuga ayenera kunena. Mu 2003 kunabwera aprepitant wa kampani ya Merck, woyamba mwa mankhwala otseka NK1, ndipo chaka chomwecho kunavomerezedwa palonosetron, wa gulu limodzi ndi ondansetron koma wokhalitsa m'thupi: theka lake limachoka m'magazi pakatha maola pafupifupi 40, pamene theka la ondansetron limachoka pakangotha maola atatu kapena anayi. Chachinayi ndi olanzapine, mankhwala amene anapangidwira matenda a misala, koma kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi Rudolph Navari amene anasindikizidwa mu 2016 anasonyeza kuti amachepetsa nseru kwa odwala amene akulandira kemo wamphamvu. Malangizo a masiku ano a mabungwe akuluakulu a madokotala a khansa amati pa mankhwala a gulu lapamwamba lija, anayi aperekedwe pamodzi: ondansetron kapena palonosetron, dexamethasone, aprepitant ndi olanzapine. Kumene aprepitant sapezeka chifukwa cha mtengo, olanzapine ndi wofunika kwambiri popeza ndi wotsika mtengo, ngakhale amagonetsa tulo. Ndikuona kuti n'kofunika dokotala azifotokoza bwino akamalemba mankhwala amenewa, chifukwa wodwala amene wawerenga pa kapepala ka m'bokosi kuti ndi a misala angawataye poganiza kuti akumuyesa wopenga.

Palinso kusiyana pakati pa kusanza ndi nseru, kumene anthu athanzi saganizira koma odwala amakudziwa bwino. Ondansetron amaletsa kusanza bwino kuposa mmene amachotsera nseru. Munthu akhoza kutha tsiku lonse osasanza n'kamodzi komwe, koma mtima ukuchita nseru, fungo la ndiwo zokazinga likumubweza, madzi enieniwo akumveka ngati muli chitsulo. Ofufuza a ku Australia aja atabwereza mafunso awo m'zaka za m'ma 1990, mankhwala atsopanowa atafika, anapeza kuti kusanza kwatsika pamndandanda, koma nseru ndi imene yakwera pamwamba. Choncho namwino akafunsa kuti, "Mwasanza?" yankho lakuti "Ayi" silikwanira ngati munthuyo wakhala masiku atatu akulephera kudya, ayenera kunena zimenezo poyera kuti mankhwala asinthidwe ulendo wotsatira.

Mtundu wina wa kusanza umene ondansetron sangauthe ndi umene umabwera kemo asanalowe n'komwe m'thupi. Wodwala amene anavutika kwambiri ulendo woyamba ndi wachiwiri amatha kuyamba nseru akangoona geti la chipatala, akamva fungo la sipiriti wopukutira pamkono, kapena akaona mtundu wofiira wa doxorubicin m'jekeseni. Apa palibe serotonin wa m'matumbo amene watuluka. Ndi ubongo umene waphunzira kulumikiza malowo ndi masautso. Mankhwala ochepetsa nkhawa monga lorazepam amathandizako, komanso njira zokhazika mtima pansi, koma chitetezo chenicheni ndi kuonetsetsa kuti ulendo woyamba weniweniwo wayenda bwino. Ichi ndi chifukwa china chimene madokotala sadikira kuti aone kaye ngati munthu asanza.

Za mlingo, dokotala ndi amene amalamula potengera mtundu wa kemo, msinkhu wa munthu ndi matenda ena amene ali nawo, koma ndi bwino kudziwa mmene zimakhalira. Mapiritsi amabwera a mamiligalamu 4 ndi 8, ndipo kwa munthu wamkulu amene akulandira kemo wa gulu lachiwiri, kawirikawiri amamwa mamiligalamu 8 kemo asanayambe, enanso 8 pakapita maola angapo, kenako kawiri pa tsiku kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ana amapatsidwa potengera kulemera kapena kukula kwa thupi lawo, nthawi zambiri monga mankhwala amadzi. Munthu amene chiwindi chake chawonongeka kwambiri sayenera kupitirira mamiligalamu 8 pa tsiku lonse, popeza chiwindi ndi chimene chimachotsa mankhwalawa m'thupi. Pali mtundu wina wa piritsi wopangidwira munthu amene sangathe kumeza: limaikidwa pamwamba pa lilime n'kusungunuka m'kanthawi kochepa popanda madzi. Piritsi limeneli ndi losachedwa kuphwanyika, choncho sililikankhidwa kuti liboole chikutiro chake monga timachitira ndi mapiritsi ena. Munthu amasenda kapepala kachitsulo ka kumbuyo kwake ndi zala zouma, n'kulitenga mosamala, chifukwa likakhudza chinyezi limayamba kusungunukira m'manja.

Mavuto amene ondansetron amabweretsa kawirikawiri ndi awiri: mutu kupweteka ndi kudzimbidwa. Kudzimbidwako kumachokera pa ntchito yake yomweyo, popeza serotonin wa m'matumbo ndi amenenso amathandiza matumbo kukankha chakudya. Nkhaniyi si yaing'ono kwa odwala khansa, chifukwa ambiri amamwanso morphine kapena codeine pa ululu, ndipo ena amalandira vincristine, zonse zimene zimaumitsa m'mimba. Munthu akatha masiku anayi kapena asanu osachita chimbudzi, kudzimbidwako pakokha kumayambitsa nseru, ndipo akawonjezera ondansetron kuti athetse nseruyo, amangokulitsa vutolo. Kumwa madzi okwanira, kudya masamba ndi zipatso monga papaya, komanso mankhwala ofewetsa m'mimba amene dokotala angalembe, ziyenera kuyamba limodzi ndi mapiritsiwa.

Vuto losowa koma loopsa ndi la mtima. Ondansetron amatalikitsa pang'ono nthawi imene mtima umatenga kuti ukonzekere kugunda kotsatira, imene pa pepala la makina oyeza mtima imatchedwa QT, ndipo nthawiyi ikatalika kwambiri mtima ukhoza kuyamba kugunda mosokonekera mpaka munthu kukomoka. Poyamba odwala ankabayidwa mamiligalamu 32 nthawi imodzi, koma mu 2012 FDA inachotsa mlingo umenewu, ndipo tsopano jekeseni mmodzi sapitirira mamiligalamu 16, woperekedwa pang'onopang'ono. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi okalamba, odwala mtima, amene anabadwa ndi QT yaitali, komanso amene mchere wa potassium ndi magnesium watsika m'magazi mwawo, zomwe zimachitika munthu akasanza kapena kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali. Cisplatin nayenso amatsitsa magnesium. Mankhwala ena amene amatalikitsa QT ndi odziwika bwino kuno, monga kwinini, erythromycin, haloperidol ndi ena mwa mankhwala a TB yosamva mankhwala. Kugunda kwa mtima kwachilendo, chizungulire chachikulu kapena kukomoka pambuyo pomwa ondansetron ndi zifukwa zothamangira kuchipatala.

Nkhani ya TB ili ndi mbali inanso. Rifampicin, amene ali m'gulu la mankhwala oyamba a TB, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ambiri, kuphatikizapo ondansetron, dexamethasone ndi aprepitant, ndipo mankhwala a khunyu monga carbamazepine ndi phenytoin amachitanso chimodzimodzi. M'dziko limene munthu mmodzi angakhale ndi khansa ndi TB pa nthawi imodzi, wodwala akhoza kumwa mapiritsi ake mokhulupirika koma n'kumasanzabe chifukwa mankhwalawo akuchotsedwa msanga m'magazi. Amene amamwa mankhwala a matenda a nkhawa monga fluoxetine, kapena tramadol pa ululu, ayeneranso kunena, popeza onsewa amakhudza serotonin, ndipo apomorphine wa matenda onjenjemeretsa thupi otchedwa Parkinson saloledwa n'komwe kuphatikizidwa ndi ondansetron chifukwa amagwetsa kuthamanga kwa magazi. Njira yapafupi ndi kunyamula buku la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala amene munthu akumwa, ngakhale azitsamba, n'kuwaika patebulo la dokotala.

Popeza ondansetron anatchuka, amagwiritsidwanso ntchito pa kusanza kobwera pambuyo pa opaleshoni ndi pa chithandizo cha khansa chowotcha ndi cheza, makamaka chikalunjika pamimba. Pa nseru ya paulendo sathandiza, chifukwa imeneyo imayambira m'kati mwa khutu ndipo imadutsa njira ina. Amayi oyembekezera amapatsidwa nthawi zina kusanza kukakula kwambiri, koma m'miyezi itatu yoyambirira madokotala amayamba ayesa mankhwala ena, popeza kafukufuku anaonetsa kuwonjezeka pang'ono kwa ana obadwa ndi mlomo wong'ambika.

Wodwala akabwerera kunyumba ndi kathumba ka mapiritsi, amene amasunga nthawi kwenikweni ndi womudikirira, kaya ndi mwana wake, mlongo wake kapena mwamuna wake. Iyeyu ayenera kufunsa asanachoke m'wodi kuti piritsi liti ndi lomwa pa nthawi yake ngakhale palibe nseru, liti ndi lowonjezera kusanza kukapyola chitetezo, ndipo amwe kwa masiku angati. Chakudya chikhale chochepa koma chapafupipafupi, monga phala, nthochi kapena mbatata yophika, chozizirako pang'ono kuti fungo lisakule, ndipo wophika achitire kutali ndi chipinda chimene wodwala wagona. Ngati munthu akusanza chilichonse chimene wamwa kwa tsiku lathunthu, mkodzo wachepa kapena wada kwambiri, m'masanzi mukuoneka magazi, kapena thupi latentha, asadikire tsiku limene anauzidwa kuti adzabwerenso. Kwa amene walandira cisplatin zimenezi n'zofulumira kwambiri, chifukwa mankhwalawa amavulaza impso, ndipo impso zosowa madzi ndi zimene zimavulala msanga.